Mmene Ndinabwezera Nyumba Yothawa pa Chiuta

Amene akuti ndikunama abwere adzakhale pamkeka panga, andiyang'ane m'maso, anene mawu omwe aja amanena mumsika wa Balaka ndikangotembenuka. Ine ndine Abiti Jali wa ku Rivirivi. Sukulu ndinalekezera pamene anthu amaphunzira kulemba dzina, koma chimene chinandichitikira sindichiiwala, ndipo izi ndalemba ndi dzanja langa kuti mwana wanga asadzazikonze.

Tiyambe ndi amene analipo. Analipo mwana wanga Yusufu, uja amagwira ntchito paboma ndipo amavala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Analipo mkazi wake, mpongozi wanga make Shakira, wa kwa Phalula. Analipo adzukulu anga atatu: Shakira wa zaka zisanu ndi chimodzi, Dalitso wa zinayi, ndi Amina amene anali atangoyamba kuponda pansi. Ndinalipo ine. Amene kunalibe ndi awa: achimwene anga Che Bakali, amene lero akuifotokoza nkhaniyi ngati anali m'thumba langa, mwana wanga Mariamu, amene ali ku Joni ndipo amatsutsa pafoni, ndi amuna anga Che Amidu, amene chifukwa chawo n'chomveka, pakuti tinawaika zaka zinayi zapitazo.

Musanamve za nyanja, mumve za chingwe changa, ngakhale abale nonse mumachidziwa ndipo ena mumachilota. Kuyambira tsiku la ndowa yanga, ndiye kuti ukwati wanga wa Chisilamu, chitenje chikatha sinditaya. Ndimang'amba nsanza, ndimapota, ndimalumikiza. Munthu akatenga changa osabweza, akalonjeza osachita, akasowa pamaliro pamene ine ndinafika pa ake, ndimamanga mfundo. Lamulo lake ndi limodzi: mfundo imamasulidwa mwini wake akabweza, ndipo ine ndikaimasula ndekha ndiye kuti ndakhululuka. Kufikira chaka chatha ndinali ndisanamasuleko ndekha ngakhale imodzi. Chingwecho chimadzaza thumba la feteleza, ndipo ndikamapita kogona kwina chimapita nane, chifukwa kumudzi kuli anthu amene angakonde kuti chiswe chiwathandize.

Nthawi ya Khirisimasi, sukulu zitatsekera, Yusufu anabwera ndi galimoto yobwereka n'kunena kuti tikupita ku holide kunyanja ya Chiuta, tikapume masiku anayi m'kanyumba ka m'mbali mwa madzi. Ndinamufunsa ngati mthunzi wa mango pakhomo panga unali utasiya kupumitsa anthu. Iye anaseka. Koma ine ndinadziwa chimene ankanditengera: munthu wa ana atatu akamati amayi tiyeni mukapume, ndiye kuti akufuna wolera. Ndinavomera, chifukwa nyanja ndinali ndisanaionepo chibadwire. Pokweza katundu, make Shakira anagwira thumba langa n'kunena mokoma kuti, "Amayi, ili litsale, kumene tikupitaku n'kopuma, si kubwalo la milandu." Ndinalikhalira thumbalo kuyambira ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kudutsa pa Ntaja, mpaka msewu unatha, Dalitso atasanzira tayi ya bambo ake kawiri ndipo Shakira atafunsa kuti tafika kodi pa mlatho uliwonse.

Kanyumbako kanali kokongola, ndisaname: kamatabwa, kopaka utoto wobiriwira, kakhonde lotchingidwa ndi timitengo, khomo loyang'ana kunyanja. Koma nditawoloka thabwa lolowera n'kuponda pabwalo, pansi panagwedera ngati mimba ya ng'ombe yokhuta. Ndinawerama kufunafuna nyerere, osaiona ngakhale imodzi. Ndinamuuza Yusufu kuti malo opanda nyerere si dziko. Mlonda wa pamenepo anavomereza: anati pamene tapondapo ndi mizu ya gumbwa ndi bango yolukanalukana, yokhuthala kuposa msinkhu wa munthu, yoyandama pamadzi, ndipo chimene chikugwira zonsezo ndi chingwe chachikulu chomangidwa kumgwalangwa wa kumtunda. Anati chingwe chimenecho tisachikhudze. Ananena kawiri. Yusufu ankagwedeza mutu akuyang'ana foni.

Masiku awiri oyamba anali abwino. Dalitso anadzaza nsapato ya bambo ake ndi mbululu, Shakira anaphunzira kulira ngati chule, Amina analawa matope a mitundu itatu. Udzudzu wakumeneko ndi waukulu moti uwiri umanyamula neti m'mbali, wachitatu n'kulowa, koma imeneyo si nkhani ya lero.

Tsiku lachitatu linali Lachisanu. Cham'mawa Yusufu anatiimika tonse pakhonde kuti atijambule, anzake a kuofesi aone. Anayang'ana pafoni, anakwinya nkhope, n'kunena kuti chingwe chija chikuwononga chithunzi. Mukumva? Mwana amene ndinamutumiza kusukulu ndi nandolo wanga anapita kumgwalangwa, anamasula chingwe chogwira nyumba, anachiponya muudzu, anajambula, anati tabwerezani kumwetulira, anajambulanso. Ine ndinamuuza kuti abwezerepo. Anati, "Pompano, amayi." Pompano wa Yusufu ndimamudziwa kuyambira ali wosavala. Ndikanayenera kukaona ndekha, koma Amina anali atameza kanthu ndipo ndinatanganidwa kumupisa chala mkamwa.

Dzuwa litafika paliwombo, iye ndi mkazi wake ananyamuka wapansi kupita kudooko kukagula nsomba, ana atagona pamkeka m'nyumba. Ine ndinatenga birika langa, ketulo yachitsulo ija ndimasambira m'manja ndi m'mapazi ndisanaswali, ndinatenga thumba langa, n'kuwolokera kumtunda, chifukwa sindingagwetse mphumi panthaka yogwedera. Ndinayala chitenje pansi pa mgwalangwa n'kuyamba swala. Ndili mkati, mphepo inabwera kuchokera kumapiri, yotentha, ya fungo la mvula, inandikupiza mpango, koma munthu akaima pamaso pa Mulungu sacheukira mphepo. Pomaliza ndinatembenukira kumanja kupereka salamu, ndinaona tchire. Ndinatembenukira kumanzere, kumene kunali nyumba, ndinaona madzi okhaokha ndi thabwa likuyandama.

Nyumba inali ikupita, abale anga. Inali ikupita ndi bwalo lake, ndi zovala zili pachingwe, ndi mbaula ikufuka, ndi adzukulu anga atatu, ikuyenda mwaulemu ngati mkwatibwi, kulunjika ku Mozambiki kumene ana amenewo alibe chiphaso, alibe malume, alibe ngakhale wowapatsa madzi. Ndinakuwa. Mlonda kunalibe, asodzi kunalibe, onse anali kumzikiti ku Ijumaa, ndipo asodzi akumeneko akamapita kokaswali amanyamula nkhafi zawo paphewa, moti mabwato anali ndandanda pagombe ngati mbale zopanda chakudya. Chingwe cha nyumba chija chinali chikukwekwereka kumbuyo kwake ngati mchira. Pamene ndimamanga chitenje m'chiuno nyumba inali ngati bokosi la sopo, pamene ndimavula patapata inali ngati bokosi la machesi, ndipo pakhonde panatuluka kanthu kofiira, ndiye diresi la Shakira, ndi mawu aang'ono obwera ndi mphepo akuti, "Anganga! Dziko lathawa!"

Ndinakhuthula thumba. Nsonga imodzi ndinamanga kumgwalangwa, inayo ndinamanga pachigwiriro cha birika, birikalo ndinalidzaza mchenga wonyowa, ndinalowa m'madzi ine amene sindinasambirepo ngakhale mumtsinje wathu wa Rivirivi, ndinalizunguza pamutu katatu mpaka mbalame zonse za m'bango zinauluka ndipo mitambo iwiri inapatukana, n'kuponya. Linapita likulira ngati njinga yamoto, chingwe chikutsatira, mfundo zikudutsa m'manja mwanga imodziimodzi, ndikuzizindikira zonse ndi khungu la zala, kenako chingwe chinati gwa, chatha, birika linagwa m'madzi, nyumba ili patsogolo. Chinaperewera.

Ndinalikoka msangamsanga, ndipo ndili chikokere nzeru inandifikira, nzeru yowawa ngati tsabola m'diso. Aliyense amene anapotapo chingwe amadziwa kuti mfundo imadya utali. M'manja mwanga munali utali wokwanira kufika ku Mozambiki ndi kubwerako, koma unali womangidwa m'milandu ya anthu. Walahi, ndinaima kaye. Ndikanama ndikati sindinaime. Kenako ndinamva Amina akulira, ndipo zala zinayamba zokha.

Ndinamasula mfundo ya Che Bakali, ya mbuzi yanga ija anaitenga kuti ikangogona usiku umodzi ndi tonde wawo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ndipo popeza mbuziyo inaswa, ana ake n'kuswanso, mfundo imeneyo yokha inatulutsa mikono makumi atatu. Ndinamasula mapoto atatu amene azakhali a make Shakira anabwereka paukwati n'kubweza zivundikiro zokha. Ndinamasula bulangete la Mariamu limene lakhala likunyamuka ku Joni mwezi wamawa kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamasula makasu, nsengwa, mbewu ya mtedza, nkhuku zoikira, maliro a mayi anga amene banja lonse la kutsidya kwa Rivirivi linati silinamve chonsecho linamva fungo la mpunga pa sadaka. Ndinamasula ndi zala, ndi zikhadabo, ndi chala chaphazi, manja akuthamanga moti madzi ondizungulira anafunda n'kuyamba kubwadamuka, matemba n'kumayandama okupsa kale, ongofunika mchere. Mukumva? Zaka zoposa makumi anayi za milandu ndinazimasula pa nthawi imene munthu amamwa kapu ya tiyi.

Ndinaponyanso. Ulendo uno birika linadutsa pamwamba pa mvuu ziwiri, linameta nsonga za gumbwa ngati chikwakwa, linafika mpaka ndinamva likukhudza udzu wa pabwalo la nyumba, koma linaterereka n'kugwera m'madzi. Panatsala pang'ono, utali wa bwato limodzi. Ndipo m'chingwe chonse munatsala mfundo imodzi.

Imeneyo inali yoyamba, ya kunsonga, yaikulu ngati dzungu. Tsiku la ndowa yathu Che Amidu anandinong'oneza kuti tikakolola adzanditengera kunyanja ndikaone madzi opanda tsidya. Tinakolola. Anati chaka chamawa. Chaka chilichonse tikatha kukolola ndinkawonjezerapo mkombero umodzi pamfundo yomweyo, iwo akuona, akuseka, akuti Abiti Jali udzandimanga ndi ine ndemwe. Mikombero inakwana makumi atatu ndi isanu ndi itatu, n'kupita iwo osanditengera. Chimwalirireni, mfundo imeneyo ndinkagona nayo kumutu. Inali itauma ngati mwala, zala zinakanika, ndinailuma ndi mano anayi amene ndinatsala nawo, limodzi linatsalira momwemo, ndipo ikumasuka ndinayang'ana pamene ndaima, madzi ali mbali zonse, tsidya losaoneka. Ndinati, "Che Amidu, ndafika. Mwachedwa, koma ndafika. Ndipatseni chingwe changa."

Anandipatsa. Chingwe chinatuluka m'mfundo imeneyo ngati njoka yochoka kuuna, ndipo nditaponya kachitatu birika linapita osalira n'komwe, linazungulira nsanamira ya khonde katatu, mlomo wake n'kukola chigwiriro chake chomwe, kumanga mfundo imene ngakhale ine sindinaimangepo.

Ndiye mwati zatha? Iyayi. Nditangoyamba kukoka ndinaona chipika chikuyenda motsutsana ndi mphepo, cholunjika pakhonde pamene Amina anali atatulutsa timiyendo pakati pa timitengo, akusewera ndi madzi. Ng'ona, yaitali ngati basi ya ku Mangochi. Mwala ndinalibe, mkondo ndinalibe, manja onse ali pachingwe. Koma ndinaiyang'anitsitsa, ndinaona diso lakumanzere lotuwa, ndinaizindikira. Ndinaikuwira kuti, "Iwe! Si iwe unadya mwanawang'ombe wa bambo anga pa Shire chaka cha njala? Wasamukira kuno ukuyesa sindikupeza? Ima pomwepo tikambirane!" Abale anga, wangongole ndi wangongole, kaya ali ndi miyendo iwiri kaya inayi. Inaima, inayang'ana kumbali ngati yakumbukira ulendo wina, inamira, ndipo asodzi akuti mpaka lero sinaonekenso m'dera limenelo. Che Bakali nawonso amatero akandiona pamsika.

Tsono ndinakoka. Ndinaponda pansi mpaka mapazi analowa m'matope kufika m'mawondo, ndipo pamene ndinapondapo pali zitsime ziwiri lero, amayi akutungapo. Ndinakoka mpaka mgwalangwa unawerama kundithandiza, ndipo ngowerama mpaka pano, kapiteni mukaone. Ndinakoka mpaka nyanja inapendekeka ngati beseni, madzi onse anathamangira mbali ya Malawi, milamba n'kumagwera yokha pakhonde, Dalitso akuwerenga mpaka anatha manambala amene amawadziwa. Mphepo inkakokera uko ine ndikukokera kuno, inatopa ndi mphepo, inapempha madzi akumwa n'kubwerera kumapiri. Nyumba inabwera ikung'amba madzi, zovala zili pachingwe zikuuluka ngati mbendera, ndipo poti inali itagunda kale gombe la tsidya lija, inabwera itakola kachidutswa ka Mozambiki kumbuyo kwake, pali mapesi asanu ndi awiri a chinangwa ndi tambala mmodzi wolira Chipwitikizi.

Itagunda kumtunda ndinatenga chingwe chake chija n'kuchimanga kumgwalangwa ndi mfundo yanga, ndinabwezera thabwa, ndinakwera, ndinawerenga ana: mmodzi, awiri, atatu. Ndinawerenganso. Ndinawerenga zala za Amina za kumapazi, zonse khumi. Shakira anandifunsa ngati tingabwerezenso mawa.

Yusufu ndi mkazi wake anafika akugwirana manja ngati a pakanema, ali ndi kajumbo ka nsomba zinayi. Anandipeza ndakhala pakhonde, ndanyowa mpaka mpango, pakamwa pakutuluka magazi, milamba ili mbwee pabwalo. Yusufu anafunsa ngati ndinagwa posamba. Ndinangomuuza kuti atulutse chithunzi chake cham'mawa chija, ayang'ane khomo. Pachithunzi khomo linali loyang'ana kunyanja. Atakweza maso, khomo linali loyang'ana kumapiri, chifukwa pobwera nyumba inatembenuka ndipo ine ndinalibe nthawi yoikonza. Anayang'ana mgwalangwa, anaona mfundo imene si iye anamanga, tayi inamuthina. Make Shakira anathamangira m'nyumba, anatenga foni yake imene anaisiya ikutchajidwa, anapeza uthenga womulandira ku Mozambiki. Anakhala pansi, anakumbatira ana ake onse atatu pamodzi, kenako anayang'ana chingwe changa chili chosalala kuchokera kunsonga mpaka kunsonga. Iye ndi mkazi, anamvetsa msanga kuposa mwamuna wake. Anagwada, anati, "Amayi, zonse zija mwamasula?" Ndinati zonse. Iyeyo ndiye anachichapa, anachiyanika, anachipinda, n'kuchinyamula pamiyendo pake mpaka ku Balaka.

Tsopano ndikumva zonenedwa. Che Bakali akuti Chiuta ndi nyanja yosaya, madzi ake ndi a m'mawondo, nyumba inangosuntha mikono ingapo ndipo mwana aliyense akanaikankha. Madzi a m'mawondo, inde, koma mawondo a ndani, poti iwo anali ku Balaka akumwa tiyi? Mariamu akuti uthenga wa ku Mozambiki umalowa ngakhale munthu ataima pagombe. Nanga tambala uja analowanso ndi uthenga? Akuti tambala ali kuti. Tinamudya pa Nyuwere, ndipo Dalitso anayankhula zosamveka masiku awiri.

Koma chimene chandilembetsa si kutsutsa kwanuko. Ndamva kuti mbiri itafika yakuti Abiti Jali wamasula chingwe, kutsidya kwa Rivirivi anaphika thobwa, ndipo Che Bakali anapha mbuzi, mdzukulu wa mbuzi yanga yomwe. Mwafulumira. Lamulo ndi langa ndipo ndimalidziwa: chimene ndamasula ndakhululuka. Koma kukhululuka kumafuna mtima, ndipo tsiku lija mtima unali pakhonde ndi ana, zinagwira ntchito ndi zala zokha. Nditafika kwathu ndinakhala pansi pa mango masiku atatu, ndinabwezera mfundo iliyonse pamalo pake kuchokera m'mutu, osaphonya ngakhale nsengwa.

Zotsala ndi izi. Che Bakali: mbuzi, ana ake, ndi ija munadya posangalala. Azakhali a kwa Phalula: mapoto atatu, zivundikiro ndili nazo. Mariamu: bulangete. A kutsidya: maliro amodzi. Ng'ona: mwanawang'ombe. Yusufu: birika latsopano, poti lija linaphwanyika mlomo, dzino limodzi, ndi kunena pamaso pa abale onse, atavula tayi, kuti chingwe cha nyumba anamasula ndi iye. Make Shakira alibe kanthu, anabweza ndi mawondo ake. Inenso ndili nayo yanga: tambala wa munthu wa ku Mozambiki, ndamumangira mfundo, mwini wake akabwera adzasankhe m'khola.

Ya Che Amidu sindinamangenso. Pamalo pake chingwe n'chopindikapindika, sichiwongoka, ndipo chala chikafika pamenepo chimangodutsa. Iwo anabweza.

Enanu ndikudikira.